Kuchotsa woponya kapena kumusiya: pomwe aphunzitsi a baseball amagwera

Akonzi,

Masamba anu a zamasewero amadzaza ndi mpira wamiyendo ndi wamanja, ndipo n'zomveka. Koma Okutobala akafika, ku America kumakhala ndime yachipulula ya baseball, ndipo kuno ku Salima alipo ochepa amene amadzuka cha m'ma 2 koloko usiku, asodzi a usipa ali pakati pa nyanja ndi nyali zawo, kuti aonere pa foni. Ndiloleni ndifotokozeko ntchito ya mphunzitsi masewerowa ali mkati, chifukwa mkangano wake ndi womwewo umene timaumva potuluka pa Chitowe: "Akanamusiya mwana uja!" kapena "Anachedwa kumuchotsa!"

Pa baseball, woponya amaponya mpira, womenya wa timu inayo n'kuumenya ndi ndodo n'kuthamanga kuzungulira malo anayi otchedwa ma base; akazungulira onse, timu yake yapeza chigoli chotchedwa run. Masewero amakhala ndi zigawo 9 zotchedwa ma inning, ndipo pa chigawo chilichonse timu imamenya mpaka omenya ake atatu atatulutsidwa. Kuti ipambane, timu iyenera kutulutsa adani 27. Mphunzitsi ali ndi osewera 26, oponya osapitirira 13, ndipo amene wachotsedwa sabwereranso. Ntchito yake yaikulu ndi kugawa anthu 27 aja pakati pa oponya akewo.

Woponya woyamba nthawi zambiri amayamba kufooka akamayandikira mipira 100. Zizindikiro zimaoneka: liwiro limatsika, chigongono chimagwa, mpira umene umayenera kudutsa m'mawondo umakwera n'kufika pa lamba, pomwe womenya amaufuna. Palinso china chosaoneka ndi maso. Omenya alipo 9 ndipo amabwera motsatana, choncho wa nambala 19 ndi yemwe uja anayamba, tsopano akukumana ndi woponyayo kachitatu. Waona kale mipira yake yonse, ndipo oyambirira pa mndandanda amakhala akatswiri a timuyo. Ziwerengero za zaka zambiri zimasonyeza kuti oponya amamenyedwa kwambiri pa ulendo wachitatuwu, ngakhale akuoneka kuti akadali ndi mphamvu. Wolowa m'malo naye sangodzuka pa benchi n'kuyamba. Amaimbiridwa foni, amafunika mphindi zingapo zotenthetsa mkono, ndipo ukamudzutsa kawiri katatu osamulowetsa wamutopetsa pachabe. Kuyambira 2020, akalowa ayenera kukumana ndi omenya atatu kapena kumaliza chigawocho. Mphunzitsi amakhala ngati wosewera bawo: asanatape, wawerenga kale kumene njere yomaliza ikagwere.

Mu 2003, pa masewero achisanu ndi chiwiri olimbirana kupita ku World Series, ndime yomaliza yolimbirana chikho, Boston Red Sox inkatsogola 5-2 pa New York Yankees m'chigawo cha 8. Pedro Martinez wa Boston anali ataponya kale mipira pafupifupi 100. Anatulutsa mmodzi, kenako Derek Jeter ndi Bernie Williams anamumenya motsatana, zinthu n'kukhala 5-3. Mphunzitsi Grady Little anapita kukalankhula naye pabwalo, aliyense n'kumati basi akumuchotsa. Anamusiya. Wotsatira anali Hideki Matsui, womenyera kumanzere, pomwe Alan Embree, woponya ndi dzanja lamanzere, anali wokonzeka. Woponya wamanzere amavutitsa womenya wamanzere chifukwa mpira wokhota umamuthawa m'malo momulondola. Matsui anamenya, Jorge Posada anamenyanso, 5-5. Aaron Boone wa Yankees anamaliza nkhani ndi home run (kumenya mpira mpaka kutuluka kunja kwa bwalo) m'chigawo cha 11, ndipo Little sanapatsidwenso kontrakiti. Ndionetsetse anathetsa nkhosa.

Tsopano onani mbali inayo. Mu 2020, pa masewero achisanu ndi chimodzi a World Series, Tampa Bay Rays inkatsogola 1-0 pa Los Angeles Dodgers m'chigawo cha 6. Blake Snell wa Rays anali ataponya mipira 73 yokha, atatulutsa anthu 9 ndi strikeout (womenya kulephera mipira itatu yabwino), atamenyedwa kawiri kokha. Mookie Betts, Corey Seager ndi Justin Turner, amene ankabwera kachitatu, aliyense anali atagwa kawiri osaika mpira m'bwalo. Mphunzitsi wa Rays, Kevin Cash, anamuchotsa Snell. Nick Anderson analowa, Betts anamenya mpaka kufika pa base yachiwiri, mpira wina unapulumuka wowakha, ndipo posakhalitsa zinali 2-1. Dodgers inapambana 3-1 n'kutenga chikho chake choyamba chichokere 1988.

Ambiri amati Cash anapusa. Ine sindikuona choncho pa nkhani yochotsayo. Chaka chonsecho Snell anali asanamalizepo zigawo 6, ndipo pa masewero achiwiri a World Series yomweyo anayamba mochititsa kaso chimodzimodzi, kenako n'kugwa m'chigawo cha 5 pomwe Chris Taylor anamumenya home run. Rays inali yalowetsa run imodzi yokha, panalibe mpata woyesera. Pomwe ndimamuimba mlandu ndi pa amene anamulowetsa. Anderson anali katswiri m'kati mwa chaka, koma anali atatha: pa masewero 6 otsatizana a ndimeyi adani anali atamupezerapo ma run, ndipo awa anakhala achisanu ndi chiwiri. Cash anakhulupirira chiwerengero cha miyezi yapitayo n'kunyalanyaza cha masabata awiri omwe anali nawo m'manja. Little yekha ndiye analibe pobisala, chifukwa mipira yowerengedwa, maso ndi benchi zonse zinkamuuza chinthu chimodzi.

Kulakwa kwina ndi kusunga. Matimu ali ndi chizolowezi chosungira woponya wawo woopsa kwambiri chigawo chomaliza, akakhala kuti akutsogola. Mu 2016 Baltimore Orioles inali ndi Zach Britton, amene chaka chimenecho anateteza chipambano maulendo 47 osalephera ndi kamodzi komwe. Pa masewero amodzi okha achipulula ku Toronto, zinthu zili 2-2, mphunzitsi wawo Buck Showalter ankadikira kuti atsogole kaye. M'chigawo cha 11 analowetsa Ubaldo Jiménez, Edwin Encarnación anamenya home run ya ma run atatu, 5-2, Britton osaponya ndi mpira umodzi womwe. Chizolowezicho chili ndi nzeru pa chaka cha masewero 162, pomwe mkono wa munthu uyenera kusamalidwa chifukwa mawa kuli masewero ena. Tsiku limene wogonja akulongedza, chilibe ntchito. Mphunzitsi Bruce Bochy wa San Francisco Giants anazidziwa izi mu 2014: Madison Bumgarner anali ataponya masewero athunthu n'kupuma masiku awiri okha, koma pa masewero omaliza a World Series ku Kansas City anamulowetsa m'chigawo cha 5, iye n'kutseka zigawo zisanu osalola run, 3-2.

Boone uja amene anagwetsa Little anadzakhala mphunzitsi wa Yankees, ndipo mu 2024 unali ulendo wake. Masewero oyamba a World Series, chigawo cha 10, Yankees ikutsogola 3-2, othamanga a Dodgers awiri ali pa ma base. Analowetsa Nestor Cortes wamanzere, amene anatulutsa Shohei Ohtani, koma othamangawo anasunthira pa base yachiwiri ndi yachitatu. Kunatsala munthu mmodzi. Boone analamula kuti Betts, womenyera kumanja, apite pa base yoyamba mwaulere, kuti Cortes akumane ndi Freddie Freeman, wamanzere amene ankatsimphina ndi kakolo. Pa pepala n'zomveka: dzanja likugwirizana, ndipo ma base akadzaza, mpira wapansi ungaponyedwe pa base iliyonse munthu n'kutuluka. Mtengo wake ndi woti woponya alibenso poika munthu. Akaphonya kanayi, womenya amapita pa base yoyamba mwaulere, run n'kulowa yokha, choncho amakakamizika kuponya pafupi ndi pakati, ndipo womenya amadziwa zimenezo. Freeman anamenya mpira woyamba womwewo kunja kwa bwalo, 6-3.

Kudzaza ma base kuja ndingakuikire kumbuyo. Chimene chimandivuta ndi chakuti Cortes anali asanaponye pa masewero alionse chichokere pa 18 Seputembala chifukwa cha chigongono, pomwe Tim Hill, wamanzere mnzake amene ankachita bwino mwezi umenewo, anali atatenthetsa mkono pambali pake.

Ine wanu,
Wokonda masewero,
Salima