Lipoti la msonkhano wa ku Lusaka: helikopita ndi kapulopela ka kumchira

A Wapampando ndi aphunzitsi anzanga a sayansi muno mu Chipata, ndabwerako kumene munandituma. Malisiti a basi ndi ogona ndapereka kale kwa msungichuma. Nkhani zinali zambiri, koma ndasankha ya helikopita, chifukwa ikukhudza lamulo lachitatu la Newton (loti ukakankha chinthu, nachonso chimakubwezera ndi mphamvu yofanana), lija ana athu amangoliloweza osalimvetsa.

Katswiri wokonza ndege anatifunsa kuti kapulopela ka kumchira n'kantchito yanji. Ambirife tinati n'kokhotera. Sitinaphonye, koma ntchito yake yaikulu ndi ina. Injini ikamazunguza mapiko aakulu apamwamba, mapikowo amabwezera, n'kumapotokola thupi la ndegeyo kulowera kwina. Mphamvu yopotokolayo ndiyo torque. Ine ndinakumbuka amayi akuvundula nsima ya pamaliro mumphika waukulu: ikamalimba, mthiko umawakankha eni akewo, ndiye amatangadza miyendo n'kuponda zolimba. Helikopita ikakhala m'mwamba ilibe poponda. Mwendo wake ndi kapulopela kaja, kamene kamakankhira mphepo cham'mbali kuti mchira usathawe. Woyendetsa akawonjezera mphamvu kuti akwere, torque nayo imakula, choncho amaponda pedulo kuti timapiko takumchira tigwire mphepo yambiri.

Kapangidwe kameneka anakatchukitsa Igor Sikorsky ndi helikopita yake ya VS-300 mu 1939. Ena anachita mwina. Helikopita ya Chinook ili ndi mapulopela aakulu awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, ozungulira mosemphana kuti azithetsana mphamvu, ndipo Ingenuity, kahelikopita ka NASA (bungwe la ku America la zamlengalenga) kamene kanauluka pa pulaneti la Mars mu 2021, kanali ndi awiri osanjikizana.

Chinandidabwitsa n'chakuti injini ikazima, helikopita sigwa ngati mwala. Ikamatsika, mphepo yochokera pansi ndiyo imazunguza mapiko, ndipo torque ija imatha, pakuti palibenso injini yopotokola. Katswiri uja anatikumbutsanso kuti kwathu kuno tili pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndipo m'kutentha kwa Okutobala mpweya umapepuka, mapiko sagwira bwino, katundu amafunika kuchepetsa.

Pempho langa nali: tikakumananso, wina abwere ndi mpando wozungulira wa muofesi ndi wilo la njinga. Mwana akhale pampando, anyamule miyendo, agwire wilolo chogoneka pamwamba pa mutu n'kulizunguza yekha, anzake aone kumene mpando ulowere. A Mphunzitsi Wamkulu akatibwereka mpando wawo, wilo ndibweretsa ndine.