Pulogalamu ikakanidwa kusitolo, yambani mwawerenga uthenga wonse

Akonzi,

Tiloleni tiyankhuleko kudzera m'nyuzipepala yanu ndi anzathu olemba mapulogalamu a pafoni ndi pakompyuta. Dandaulo limene limamveka kawirikawiri ndi lakuti Google Play, App Store ya Apple kapena Microsoft Store yakana pulogalamu popanda chifukwa. Chifukwa chimakhalapo ndipo amachilemba, koma ambiri amawerenga mzere woyamba wokha n'kuthamangira kukasintha code imene ilibe mlandu. Zimene zimagwetsa mapulogalamu ambiri ndi ziwiri: wounika (wogwira ntchito kusitolo amene amayesa pulogalamu isanaloledwe) walephera kulowa m'pulogalamu, kapena zimene mwalemba pa fomu sizikugwirizana ndi zimene zili m'fayilo imene mwatumiza.

Yambani mwadziwa amene wakukanani, makina kapena munthu. Makina amakana fayilo ikangofika, pasanathe mphindi zambiri, ndipo kwa Apple uthenga wake umakhala ndi nambala yoyamba ndi ITMS. Munthu amakana patapita maola kapena masiku, ndipo amatchula ndime ya malamulo, monga 2.1 kapena 5.1.1 kwa Apple.

Za makina n'zosavuta kukonza. Ku Google Play, pulogalamu yatsopano iyenera kutumizidwa ngati fayilo ya mtundu wa AAB (Android App Bundle), osati APK, kuyambira Ogasiti 2021. Nambala ya versionCode iyenera kukwera nthawi iliyonse mukatumiza, ngakhale fayilo yoyamba ija sinafike kwa anthu. Target API, nambala ya mtundu wa Android umene pulogalamu yakonzedwera, imakwezedwa chaka ndi chaka: pa 31 Ogasiti 2024 anafuna 34, pa 31 Ogasiti 2025 anafuna 35. Pokweza nambalayi ena amakumana ndi vuto la android:exported, mzere wonena ngati mapulogalamu ena angatsegule gawo la pulogalamu yanu, umene kuyambira API 31 uyenera kulembedwa pa activity, service kapena receiver iliyonse yokhala ndi intent-filter.

Pa makiyi mpamene anthu amasokonezeka kwambiri, choncho tichedwepo. Pali makiyi awiri osainira fayilo potsimikizira mwini wake. Upload key ndi yanu, mumasainira nayo fayilo potumiza. App signing key imasungidwa ndi Google, ndipo ndi imene imasainira pulogalamu yofika m'mafoni a anthu. Uthenga ukati mwasaina ndi kiyi yolakwika, umaonetsa SHA-1, nambala yozindikirira kiyi, imene akuyembekezera. Yendetsani keytool -list -v pa keystore yanu, fayilo yosungira kiyi, muyerekeze. Upload key ikatayika musatsegule pulogalamu ina, pemphani mu Play Console, tsamba la Google lotumizira mapulogalamu, kuti akulembereni yatsopano. Ndiye pali ichi chimene chimazunguza mitu: kulowa ndi akaunti ya Google kumayenda bwino pafoni yanu, koma kumakanika pa pulogalamu yochokera kusitolo. Chifukwa chake n'chakuti ku Firebase kapena Google Cloud munalembetsa SHA-1 ya kiyi yanu yokha, pomwe ya kusitolo inasainidwa ndi kiyi ya Google. Koperani SHA-1 ya app signing key mu Play Console mukailembetsenso. Wounika akakumana ndi vutoli amangolemba kuti pulogalamu sikugwira ntchito.

Kwa Apple, ITMS-90683 ikutanthauza kuti mu Info.plist, fayilo yofotokoza za pulogalamu, mulibe mawu ofotokoza chifukwa chimene mukufunira chilolezo, monga NSCameraUsageDescription. Musatsutse kuti simugwiritsa ntchito kamera. SDK ina, code yolembedwa ndi ena imene munaikamo, ikhoza kukhala kuti imaitchula, ndipo makina amaona zonse. Mawuwo akhale omveka. "Tikufuna kamera" amadutsa pa makina koma munthu amawakana. Lembani kuti kamerayo ndi yojambulira risiti kapena nkhope ya mwini akaunti. ITMS-90717 ndi chithunzi cha pulogalamu, cha 1024 kwa 1024, chimene chili ndi alpha channel, ndipo mankhwala ake ndi kuchisunganso popanda mbali zoonekera mkati. ITMS-91053 inabwera ndi lamulo la pa 1 Meyi 2024 lofuna fayilo ya PrivacyInfo.xcprivacy yofotokoza chifukwa chogwiritsira ntchito ma API ena (njira zimene pulogalamu imapemphera ntchito ku foni), kuphatikizapo UserDefaults.

Tibwere kwa munthu. Apple imanena yokha kuti mavuto opitirira 40 pa 100 alionse osathetsedwa amakhudza ndime 2.1, yonena za pulogalamu yosamalizidwa. Wounika ndi mlendo, ali kudziko lina, alibe nambala ya foni ya kwanu, ndipo sadzakuimbirani kuti mumuthandize. Ngati polowa pamafunika nambala yachinsinsi yobwera pa SMS, iye sangailandire. Mukonzereni akaunti yoyesera yokhala ndi nambala yosasintha, muikemo zinthu zoti aone, osati akaunti yopanda kanthu, ndipo pasiwedi yake isathe ntchito kuunika kusanathe. Malo olembapo alipo konse: App Review Information kwa Apple, App access ku Play Console, ndi Notes for certification ku Partner Center ya Microsoft. Ngati pulogalamu imadalira chipangizo china, monga makina osindikiza malisiti, jambulani kavidiyo kakafupi muikepo link yake.

Seva nayonso imapha mapulogalamu abwino. Ina imatseka maadiresi a mayiko akunja, ina yaulere imagona pakakhala palibe woigwiritsa ntchito, ndipo wounika amangoona sikirini yoyera. Kuyambira pa 1 Juni 2016 Apple imafunanso kuti pulogalamu iziyenda pa netiweki ya IPv6 yokha, mtundu watsopano wa maadiresi a pa intaneti, choncho adiresi ya mtundu wakale wa IPv4 yolembedwa mu code ndi msampha. Gwiritsani ntchito dzina la seva. Muyeserenso pa iPad ngakhale pulogalamu ndi ya iPhone, chifukwa ounika amaitsegulanso pamenepo, ndipo batani lobisika pansi pa sikirini limakwanira kuti akukaneni.

Pa mafomu, lamulo ndi limodzi: lembani zimene fayilo imachita, osati zimene inu mumafuna kuti izichita. Mukalemba pa Data safety kuti simutolera kanthu pomwe muli ndi SDK ya malonda kapena yowerengera ogwiritsa ntchito, Google imaona kusiyanako. Tsamba la privacy policy litseguke kwa aliyense popanda kulowa, ndipo Google siilola PDF. Ngati anthu amatsegula akaunti m'pulogalamu, azithanso kuifafaniza ali momwemo. Apple inakhwimitsa izi pa 30 Juni 2022, ndipo Google imafunanso link ya pa intaneti yochitira zomwezo. Chilolezo chowerenga ma SMS chichotseni ngati mumangofuna nambala yotsimikizira, chifukwa SMS Retriever API imachita zimenezo popanda chilolezo. Ndipo webusaiti yongokutidwa mu WebView, zenera loonetsa webusaiti mkati mwa pulogalamu, imakanidwa pa ndime 4.2 ya Apple. Apa Apple sitikuiona kulakwa.

Pamene tikuona kuti Google inaumitsa dzanja ndi pa maakaunti a munthu payekha otsegulidwa pambuyo pa 13 Novembala 2023. Musanaloledwe kutulutsa pulogalamu kwa onse, muyenera kuchita closed testing, kuyesa kwa anthu oitanidwa okha, ndi anthu osachepera 12 kwa masiku 14 osadukiza. Poyamba ankafuna 20. Wina akatuluka pakati ndipo chiwerengero chikatsika, nthawi imatalika. Itanani anthu oposa 12, muwauze kuti asatuluke, ndipo sungani ndemanga zawo chifukwa fomu yopempha kutulutsa imafunsa zimene munasintha.

Pa kompyuta mavuto ake ndi ena. Ku Microsoft Store, Name ndi Publisher za m'fayilo ya MSIX, mtundu wa fayilo yoikira pulogalamu pa Windows, zifanane chilembo ndi chilembo ndi zimene zili pa Product identity mu Partner Center, ndipo gawo lachinayi la nambala ya version likhale 0. Yendetsani Windows App Certification Kit musanatumize. Mukatumiza EXE kapena MSI, installer iyenera kutha kudziika yokha popanda kufunsa mafunso, isainidwe ndi satifiketi yodalirika, ndipo fayilo ya pa link imene mwapereka isasinthe; version yatsopano ikhale ndi link yakeyake.

Pa Mac, anthu amasakaniza zinthu ziwiri. Mac App Store imafuna App Sandbox, mpanda woletsa pulogalamu kufika kumene sinaloledwe. Pulogalamu yogawidwa kunja kwa sitolo imafuna satifiketi ya Developer ID, hardened runtime (chitetezo cha pulogalamu ikamayenda) ndi notarization (kuitumiza kwa Apple kuti makina awo aiunike n'kuivomereza). Kuyambira pa 1 Novembala 2023 chida cha altool sichigwiranso ntchito ya notarization, m'malo mwake muli notarytool. Ikayankha kuti Invalid, xcrun notarytool log imatchula fayilo yeniyeni yolakwika, imene kawirikawiri ndi library ya mkati yosasainidwa kapena yopanda timestamp. Notarization ikavomerezedwa, yendetsani stapler kuti pulogalamu itseguke ngakhale pa kompyuta yopanda intaneti.

Mukakanidwa, musatumizenso fayilo yomweyo mwakachetechete poyembekezera wounika wina. Ngati vuto lili pa mawu kapena zithunzi zokha, kwa Apple simufunika build (fayilo ya pulogalamu) yatsopano. Konzani, muyankhe mu App Store Connect mwachidule, kutchula ndime ndi njira yofikira pamene mwakonza. Mukatsimikiza kuti wounika sanamvetse, apilo imapita ku App Review Board. Ku Google Play siyanitsani kukanidwa ndi kuimitsidwa: kukanidwa sikuipitsa mbiri ya akaunti, koma kuimitsidwa kumawerengedwa, ndipo kukachuluka akaunti imatsekedwa. Ikatsekedwa, kutsegula ina m'dzina la mnzanu n'kuphwanya malamulo awo, ndipo akazindikira amatsekanso yatsopanoyo. Njira yololedwa ndi fomu ya apilo imene link yake imakhala mu imelo imene anakutumizirani.

Ndife,
Olemba mapulogalamu a pafoni ndi pakompyuta