Mphoto zisamangopita kwa a 6 points okha

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya mphoto za ana a sekondale. Chaka chilichonse MANEB ikangotulutsa zotsatira za MSCE, pa Facebook pamadzadza zithunzi za ana omwe akhoza 6 points, ena kulandira ma laputopu, ena ma bursary, ndipo sindikutsutsa ayi, anawo anatuluka thukuta. Koma taonani sukulu zawo, zambiri ndi za boarding kapena za mishoni, magetsi alipo, labu ilipo, nsima ikuwadikira ku dining.

Mwana wa mchemwali wanga amaphunzira pa CDSS ina kuno kumudzi, ankadzuka kusanache kukatunga madzi kenako kuyenda wapansi mpaka kusukulu, usiku kuwerenga ndi tochi ya foni ya mayi ake mpaka batire kutha, Chemistry yonse anaiphunzira pa bolodi osagwirako ngakhale test tube. Anapeza 17 points. Ndani anamuyamikira? Ife tomwe, tinangopha nkhuku basi.

Makampani ndi mabungwe opereka mphotonu, ikani gulu lapadera la ma CDSS chonde, ngakhale fizi ya chaka choyamba ku koleji yokha.

Malume wodandaula,
Ntcheu