Lipoti la msonkhano wa magulu owerenga: nkhani ya msilikali Švejk

Abale ndi alongo a m'gulu lathu, monga munandituma, ndinakakhala nawo pa msonkhano uja Loweruka lapitali. Buku lomwe tinakambirana ndi la Jaroslav Hašek, lonena za msilikali Švejk, lomwe linkatuluka m'zigawozigawo kuyambira 1921 mpaka 1923.

Wapampando anayamba ndi mbiri ya mlembi. Hašek anabadwira ku Prague mu 1883, analowa m'gulu lankhondo la Austria-Hungary, ndipo mu 1915 asilikali a Russia anamugwira. Anamwalira mu Januwale 1923 ali ndi zaka 39, gawo lachinayi lisanathe. Zomwe ankaseka m'bukumo anali ataziona ndi maso ake.

Mkangano unabuka pa funso limodzi: kodi Švejk ndi chitsiru chenicheni, kapena ndi kalulu wongodzipusitsa? Ena anati ndi chitsiru basi, poti ngakhale madokotala a asilikali anali atalemba kale kuti mutu wake sukoka. Nkhondo itangoyamba mu 1914, wogulitsa agaluyu, nyamakazi ili tho m'miyendo, akumukankha pa njinga ya olumala kukalembetsa usilikali, iye uku akugwedeza ndodo m'mwamba. Wanzeru angatero?

Ine ndinaima ndi mbali inayo, ndipo ngati ndinakulankhulirani molakwa mudzandidzudzule. Švejk sakana lamulo. Amangovomera, n'kulitsata ndendende mpaka mabwana okhaokha asokonezeka. Wansembe wa asilikali, Katz, amuluza pa njuga ngati katundu, Švejk apita kwa bwana Lukáš. Bwanayo afuna galu; Švejk amupezera wobedwa, yemwe mwini wake ndi mkulu wa asilikali. Onse awiri awathamangitsira kunkhondo. Kutsogoloko Švejk ayesa yunifolomu ya mkaidi wa ku Russia yomwe waipeza m'mbali mwa dziwe, ndipo asilikali a mbali yake yomwe amugwira ngati mdani. Buku lonse kutha, mkuluyu osamenya nkhondo ngakhale imodzi!

Bambo wina wachikulire anadandaula kuti kuseka nkhondo n'kunyoza amene anafera komweko. Holo yonse inati zii. Mayi wina ndiye anayankha potikumbutsa za chipatala cha m'bukumo, komwe odwala onse amawaganizira kuti akunamizira: amawamana chakudya, kuwamwetsa kwinini, kuwapopa m'mimba ndi kuwakulunga m'nsalu zonyowa mpaka avomere kuti achira. Anati amene akusekedwa pamenepo ndi dokotalayo, osati wodwala. Bambo aja sanakhutire kwenikweni, ndipo nthawi inatithera tili pomwepo.

Tinagwirizana kuti gulu lililonse liwerenge gawo loyamba tisanakumanenso. Ndabwerako ndi buku limodzi lokha, la zithunzi za Josef Lada, ndiye tizibwerekana masiku atatuatatu. Wofuna kuyamba andiuze Lachiwiri lisanafike.

Ine nthumwi yanu.