Mtima ukamathamanga uli chikhalire, tisamangoti ndi maganizo a ku Joni

A Mkonzi,

Zikomo pondipatsa danga. Ine ndimakhala ku Rosettenville kuno ku Joni, ntchito yanga ndi yosoka, ndipo ndili m'kagulu kena ka a Malawi komwe timasonkherana pakagwa zovuta, makamaka maliro. Chandilembetsa kalatayi ndi nkhani ya mtima, kuthamanga kwa mtima kuja koti munthu wangokhala pampando kapena wagona kumene, sunathamange, sunanyamule katundu, koma mwadzidzidzi pachifuwa pangoyamba di di di, thukuta kamukamu, manja kuzizira, mpaka kuganiza kuti basi lero ndapita. Pamashini pangapa pamakhala anthu akudikira zovala zawo ndipo amacheza zambiri, nde ndamva dandaulo limeneli kwa amuna ndi akazi omwe, ena achichepere ndithu.

Chomwe chimandiwawa n'choti munthu akangotsegula pakamwa mayankho amakhala ali kale m'thumba. Wina akuti imeneyo ndi BP, tenga pilisi langa ili umwe. Wina akuti ndi maganizo a ku Joni amenewo, tonse tili nawo, limba mtima ndiwe mwamuna. Wina nde amafika poti kumudzi akukuchitira nsanje poti wayamba kumanga ya malata, tiye kwa mneneri Lamulungu. Pa onsewa palibe olo mmodzi wagwira mkono wa wodwalayo kuti awerenge kuti mtimawo ukugunda kangati. Kupemphera sindikuletsa, inenso ndimagwada, koma zogawana mapilisi zija nde ndikukaniratu, chifukwa ena mwa mapilisi ochepetsa liwiro la mtima monga propranolol akhoza kumubanikitsa koopsa munthu wa mphumu, ndipo wopereka uja sakudziwa n'komwe kuti mnzakeyo ali ndi mphumu.

Kuwerengako sikufuna sukulu. Ikani zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, mumve pomwe pakugunda, yang'anani wotchi ya pafoni, werengani kwa masekondi 30 kenako nambalayo muchulukitse kawiri. Munthu wamkulu akakhala phee mtima umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi imodzi. Ukapitirira 100 munthu uli chikhalire, pamenepo pali chomwe chikuuthamangitsa, kaya chaching'ono kaya chachikulu. Lembani pafoni pomwepo kuti zayamba nthawi yanji, mumatani, mwapeza nambala yanji, zatenga mphindi zingati, komanso ngati ukugunda mwadongosolo kapena ukudumphadumpha. Ndikulimbikira zolembazi chifukwa vuto la matendawa n'loti pomwe mukafike kwa dokotala mtima umakhala utabwerera mwakale, akakuyezani n'kupeza zonse zili bwino, nde mumabwerako ndi manyazi ngati munanama. Koma mukamuonetsa kuti Lachiwiri usiku unafika 170 kwa mphindi 20, dokotala amakhala tsonga.

Nkhawa ndi matenda enieni, zimenezo ndisabise, ndipo kuno zoiputa n'zosayamba. Pasipoti inatha masiku kalekale, ukaona veni ya apolisi pakona m'mimba mumangoti bwuu, mwini nyumba akufuna lendi pa 1, bwana wakudula masiku, foni ya kumudzi ikulira kuti feteleza wakwera, mwana amubweza fizi, mayi agonekedwa, ndipo onse akudziwa kuti uli ku Joni nde ndalama uli nazo basi. Amene tinaona zipolowe zothamangitsa anthu obwera, za mu 2008 zitayambira ku Alexandra, za mu 2015 pomwe anzathu ambiri anabwerera kumudzi pa mabasi a boma, ndi za mu 2019 ku Jeppestown ndi m'tauni, timagona khutu limodzi lili panja mpaka lero. Thupi likakhala pa mantha nthawi yaitali choncho limatulutsa adrenaline, timadzi tokonzekeretsa thupi kuthawa zoopsa, olo palibe chomwe chikukuthamangitsa, mtima n'kuyamba liwiro, munthu n'kumapuma mofulumira, ndipo kupuma mofulumirako n'komwe kumabweretsa dzanzi m'zala ndi m'milomo komanso chizungulire, nde ukamva dzanzilo mantha amawonjezekera kuti ndi sitiroko, mtima n'kuthamangiranso. Zoterezi kawirikawiri zimafika pachimake m'mphindi ngati 10 kenako n'kumatsika pang'onopang'ono, munthu n'kutsala wofooka. Kukhala pansi n'kumakoka mpweya modekha, kuutulutsa mochedwa kuposa mmene waukokera, kumathandiza ndithu. Ndipo zimachizika, pali uphungu, pali mankhwala. Bungwe la SADAG lomwe lili konkuno ku Johannesburg limathandiza anthu a nkhawa ndi okhumudwa, ndipo amene zamufika pakhosi mpaka kuganiza zodzipha aimbe 0800 567 567, ndi yaulere.

Koma apa nde pagona nkhani yanga a Mkonzi. Kuti munthu ali ndi nkhawa sizikutanthauza kuti mtima wake uli bwino. Akhoza kukhala nazo zonse ziwiri, ndipo wonena kuti izi ndi nkhawa chabe akhale amene wakuyeza, osati mnzako wa pa WhatsApp. Pali vuto lina la magetsi a mumtima lomwe madokotala amalitcha SVT, limagwira olo achinyamata athanzi lawo, mtima umangochoka pa 70 kufika pa 150 kapena 200 nthawi imodzi ngati wina wadina switchi, kenako n'kuzimanso chimodzimodzi. Munthu woteroyo amachita mantha, sinanga ndani sangaope, nde anthu amaona manthawo n'kumati ndi amene ayambitsa, chonsecho wayamba ndi mtima mantha abwera pambuyo. Ena amakhala zaka akuuzidwa kuti achepetse kuganiza pomwe vuto lawo lili ndi mankhwala, mwinanso kaopaleshoni kolowetsa kawaya mumtsempha n'kukatseka pomwe magetsiwo akusokonekera.

Palinso kugunda kosalongosoka kuja, kodumphadumpha, komwe kamodzikamodzi si kanthu koma kukamapitirira kukhoza kukhala atrial fibrillation, yomwe imachititsa magazi kuundana mumtima n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo, munthu n'kufa ziwalo. Ife okulira kumudzi tikumbukenso kuti ambiri tinadwalapo zilonda zapakhosi tili ana osalandira penisilini, ndipo kwa ena zimenezi zinasiya mavalavu a mtima atawonongeka mwakachetechete, n'kudzaonekera munthu ali ndi zaka 25 kapena 30, pena mayi ali woyembekezera.

Nthawi zambiri chifukwa chake sichikhala n'komwe mumtimamo. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu, amagwira ntchito ya m'nyumba, anavutika nthawi yaitali, akakwera masitepe ndi basiketi ya zochapa ankaima pakati kugwira khoma, usiku akagona ankamva mtima ukugundira m'makutu. Tonse tinkadziwa kuti bambo a kunyumba anawathawa n'kuwasiyira ana, nde aliyense ankangoti ndi maganizo mayi, tulani kwa Ambuye. Tsiku lina akuyesa diresi pagalasi langa ndinaona m'maso mwawo, m'kati mwa chikope muli mbuu, zikhatho zoyera, ndipo ankatafuna ayisi wa mufiriji ngati chimanga chokazinga. Ku kiliniki atawabaya chala anapeza kuti magazi ndi ochepa kwambiri, kumwezi ankataya magazi ochuluka chifukwa cha zotupa za m'chiberekero koma ankachita manyazi kunena. Magazi akachepa mtima umakakamizika kupopa mofulumira kuti mpweya ufike thupi lonse, basi nkhani yake inali imeneyo. Anawapatsa mapilisi a ayironi n'kuwalembera kalata ya kuchipatala chachikulu. Maganizo analipo inde, koma akanapitiriza kungopemphereredwa akanadzagwa pamasitepe paja.

Chithokomiro chikamagwira ntchito mopyola muyeso nachonso chimathamangitsa mtima, munthu amaonda chonsecho akudya bwino, manja kunjenjemera, kumva kutentha anzake akuzizidwa mu June. Anthu akaona kuondako nde amayamba kunong'ona zina.

Nanga anyamata athu olondera usiku ndi oyendetsa njinga zamoto zoperekera zakudya? Shifiti ya maola 12, tulo ta masana m'chipinda chogawana anthu anayi sitigoneka, nde kuti maso akhale gwa amamwa ma energy drink zitini zingapo usiku umodzi, mutu ukawawa n'kuthirapo Grand-Pa yemwenso muli caffeine, m'mawa khofi, Loweruka mowa mpaka mbandakucha, ena ndi chamba chomwe. Madzi akumwa ayi. Mtima ungapirire bwanji? Mankhwala ena a chimfine otsegula mphuno ndi pampu ya mphumu nazonso zimauthamangitsa. Munthu wotereyu ayambe wasiya zitinizo aone, koma zikapitirira akayezetse ndithu.

Tsono pali nthawi yoti osadikira kuti kuche, osayamba wafunsa pagulu. Mtima ukuthamanga kwinaku pachifuwa pakuwawa kapena kulemera, ululu ukutsikira kumkono kapena kukwera kunsagwada, mukubanika, mwakomoka kapena mwatsala pang'ono kugwa, mbali imodzi yafooka kapena pakamwa papotoka, kapena mwakhala pansi nthawi ndithu koma liwiro silikutsika, itanani ambulansi pa 10177 kapena 112 pafoni ya m'manja, ngati pali wa galimoto pafupi akuthamangitsireni ku casualty, komwe amalandirira odwala mwadzidzidzi kuchipatala. Chimodzimodzi ngati zimabwera mukamagwira ntchito yolemetsa kapena mukusewera mpira, kapena kubanja kwanu wina anafa mwadzidzidzi ali wachinyamata, musachedwe nazo. Ndiwonjezere ziwiri zomwe zimatikhudza ife oyenda pa basi. Ulendo wa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge munthu umakhala wopinda miyendo pafupifupi masiku awiri, katundu ali pamapazi, madzi ukuwaopa chifukwa cha chimbudzi. Mukafika n'kuona katumba wa mwendo umodzi watupa ndipo akuwawa, kenako mtima kuthamanga ndi phuma, akhoza kukhala magazi oundana omwe apita kumapapo, zimenezo zimapha msanga. Chinanso ndi malungo. Kuno ku Gauteng si dera la malungo, nde anesi sangawaganizire msanga pokhapokha inuyo mutanena kuti ndangobwera kumene kuchokera ku Malawi. Thupi likatentha mtima umathamanga, nenani za ulendowo musanafunsidwe.

Ndikudziwa chomwe ambiri akunena powerenga apa, kuti mayi inu mukuyankhula ngati simukudziwa zomwe zimachitika pageti la kiliniki. Ndikudziwa bwino. Ndinaimapo pamzere kuyambira mdima, anthu ena osavala n'komwe yunifolomu akufunsa ma ID, ndipo ndinaona mtsikana wa mwana kumsana akutembenuka kubwerera misozi ili m'maso. Zimawawa, ndipo n'zomwe zikupangitsa anthu kufera m'zipinda. Koma tidziwe kuti malamulo aakulu a dziko lino, Constitution, gawo 27, amanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi, sanati nzika zokha ayi. Mu 2023 khoti lalikulu la kuno ku Gauteng linagamulanso kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azilandira chithandizo chaulere m'zipatala za boma posayang'ana kuti ndi ochokera kuti. Ndipo anesi ambiri m'katimo amagwira ntchito yawo bwinobwino, bola ulowe. Osapita wekha, tenga mnzako wodziwa Chizulu kapena Chingerezi, chifukwa munthu mtima ukuthamanga sungathe kulimbana ndi wina pageti.

Zoyezazo si zoopsa. Amayamba ndi BP, shuga ndi kuchuluka kwa magazi, izi olo kumakiliniki a m'mafamase ngati Clicks ndi Dis-Chem zina amayeza ukalipira. Kenako ECG, amakumata timapepala pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo, mphindi zochepa basi, sizipweteka ndipo sakulowetsa magetsi m'thupi monga ena amaopera. Akaona kuti m'pofunika amatenga magazi a chithokomiro ndi michere ya m'thupi, ndipo ngati vuto limabwera mwa apo ndi apo amatha kukuveka kamakina kotchedwa Holter komwe umayenda nako tsiku lathunthu kapena awiri kakujambula kagundidwe ka mtima. Zipatala zazikulu monga Charlotte Maxeke, Helen Joseph ndi Baragwanath zimafuna kalata yochokera ku kiliniki ngati si zadzidzidzi, nde yambirani kufupi ndi kwanu. Ndipo zonse zikatuluka bwino musati mwataya tsiku la ganyu pachabe, chifukwa munthu wa nkhawa akadziwa kuti mtima wake ndi wabwino, ulendo wina zikayamba sachitanso mantha ngati kale, ndipo thandizo la nkhawalo amalilandira ndi mtima umodzi.

Pomaliza ndilankhule ndi magulu athu a chisoni, langa lomwe. Munthu akamwalira ndalama zotumizira thupi kumudzi timazipeza m'masiku ochepa, ma R100 ndi ma R200 amagwa ngati kuti analipo kale, ndipo n'zabwino, tisasiye. Koma munthu yemweyo akanalemba mwezi wathawo kuti abale ndithandizeni ya dokotala ndi ECG, angati tikanayankha? Kugulu lathu ndapempha kuti pa chopereka cha mwezi tizipatulako kachigawo ka woyezetsa, komanso pakhale anthu awiri atatu odziwika oti ukawaimbira usiku akuperekeza. Ena avomera, ena akuti ndalama zidzadyedwa, tikukambiranabe. Kwa inu a Mkonzi pempho langa n'loti mutipezere dokotala kapena nesi wa ku Malawi, alipo ambiri olo konkuno, azilemba m'Chichewa za mtima, BP ndi nkhawa kamodzi pamwezi, ife tizigawana m'mafoni.

Ine wanu,
Mayi wosoka
Rosettenville, Johannesburg