Madalitso, usasaine usanafunse

Wokondedwa mwana wanga Madalitso,

Kuno ku Luchenza tadzuka, kungoti chiperoni chatigwira sabata yonse, phiri la Mulanje silikuoneka n'komwe, ndipo mawondo a bambo ako ayambiranso.

Nkhani yako ndaimvera kwa mlongo wako. Zandiwawa kwambiri. Lamlungu lapitali tinacheza pa foni nthawi yaitali, unafunsa za nandolo, za malata, za mbuzi yabereka ija, koma zoti akupatsa tsiku la opaleshoni sunatchuleko. Ine ndine mayi ako, ndiponso unamwino ndinaugwira zaka 31 pa chipatala cha pa esiteti. Ukabisira ine, uuza ndani?

Akuti ndi hiatal hernia, ndipo akufuna kukuikira mesh, kaukonde kaja. Bambo ako atamva zoti hernia anaganiza za phudzi, ndinachita kukhala nawo pansi. Nawenso ndikufotokozere, chifukwa ndikudziwa kuti kwa adokotala unangogwedeza mutu. Kumbukira tikapha mbuzi pa Khirisimasi, iwe utagwira miyendo, ankolo ako akutumbula. Pakati pa mapapo ndi matumbo pamakhala mnofu wopyapyala wotambalala ngati nsalu. Munthunso ali nawo, ndi umene umatipumitsa. Pamnofupo pali kabowo kodutsa njira ya chakudya potsikira m'chifu. Kabowoko kakakula, chifu chimakwera n'kulowa m'chifuwa, asidi wa m'chifumo n'kumabwerera kummero. Chilungulira chimene wadandaula nacho zaka zitatu, chakudya chobwerera m'kamwa usiku, soda uja unkamwa ndi supuni ine ndikukuletsa, zonsezo gwero lake ndi limeneli.

Opaleshoniyo sindikuiopa. Amaboola timabowo ting'onoting'ono pamimba, n'kulowetsa kamera, n'kukokera chifu m'malo mwake, n'kusoka bowo lija kuti lichepe. Kawirikawiri amakulunganso mutu wa chifu kuzungulira njira ya chakudya kuti asidi asakwerenso, njira imene inayambitsidwa ndi dokotala wina dzina lake Rudolf Nissen m'zaka za m'ma 1950. Ndi ntchito yodziwika, anthu ambiri apeza nayo bwino. Chimene chikundisowetsa tulo ndi ukondewo, ndi khalidwe lako losafunsa.

Mlongo wako akuti mnzako wa ku Limbuli uja, amene mukukhala naye nyumba imodzi, ndiye akukulimbikitsa, ati iye anamuika mesh ndipo sanachedwe kubwerera ku ntchito. Mwana wanga, mnyamata ameneyo ndi dokotala kuyambira liti? Yake inali hernia ya m'munsi, ya mphechepeche. Kumeneko ukonde ndi wabwino ndithu, ndi mmene amachitira pafupifupi kulikonse, ndipo ankolo ako aang'ono akuyenda nawo mpaka lero, akulima chinangwa bwinobwino. Koma pako ndi pena. Mnofu wako uja sukhala chete. Umakwera ndi kutsika nthawi iliyonse ukapuma, maulendo pafupifupi 20,000 pa tsiku, usana ndi usiku. Pambali pake pagona njira ya chakudya, yofewa ngati thumbo la nkhuku. Waona chingwe cha nayiloni mmene chimadyera khungwa la mtengo umene tamangirira mbuzi? Ukonde wa pulasitiki, umene susungunuka, umatha kupekesa chomwecho mpaka kulowa m'njira ya chakudya, kapena kuumitsa malowo munthu n'kumalephera kumeza. Sizichitikira anthu ambiri, zimenezo ndinene zoona. Koma zikachitika, kuuchotsa ndi ntchito yaikulu kuposa opaleshoni yoyamba, ndipo ena amachita kuwadula mbali ya chifu kapena ya mmero.

Ukonde ulipo wamitundumitundu. Wina ndi wa pulasitiki wokhalitsa uja, wina amapanga kuchokera ku minofu ya nyama monga matumbo a nkhumba, wina ndi wopanga koma umasungunuka pang'onopang'ono m'thupi. Iwe akuikira uti? Ndikudziwa kuti sukudziwa. Ndikudziwa chifukwa sunafunse.

Lolemba ndinakwera minibasi kupita ku Limbe kukaonana ndi adokotala aja ndinkagwira nawo ntchito, amene anakusoka chala uli Sitandade 5. Ndimakumbukabe tsiku limenelo. Unadzitema ndi chikwanje podula nzimbe, unamanga kansanza, n'kubisa dzanja m'thumba la kabudula masiku atatu, kudya nsima ndi dzanja lamanzere, mpaka ndinamva fungo ndikukusambitsa. Nditakufunsa unati sunafune kundivutitsa. Lero uli ndi zaka 34, uli ndi mkazi ndi mwana, ndipo dzanja lija ukadalibisabe m'thumba.

Adokotalawo anandiuza za kafukufuku wa ku America amene anatuluka mu 2006. Anatenga odwala 108, ena anangowasoka, ena anawaikira ukonde wa minofu ya nkhumba uja. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, mwa osokedwa chabe hernia inabwerera kwa 24 pa 100 alionse, mwa a ukonde kwa 9 okha. Zinaoneka ngati ukonde wapambana. Koma atawaonanso patatha zaka pafupifupi zisanu, zimene analemba mu 2011, inali itabwerera kwa 59 pa 100 mwa osokedwa chabe ndi 54 mwa a ukonde. Kusiyana kunali kutatha. Ku Australia anayesanso, ulusi wokha, ukonde wosungunuka ndi ukonde wokhalitsa, osapeza kusiyana kwenikweni. Manambalawa asakuopse. Kubwerera kumene akunenako n'kumene kumaoneka pa X-ray, ambiri mwa anthuwo ankadya ndi kugona bwino, ndipo obwerera pa tebulo anali ochepa. Ndakulembera kuti uone kuti madokotala eniakewo sanagwirizane chimodzi pa za ukonde. Ndiye iwe ungasaine bwanji ngati ukulandira katundu pa geti?

Sindikunena kuti ukane. Ndimve bwino pamenepa, usakauze mkazi wako kuti amayi aletsa. Pali anthu amene bowo lawo ndi lalikulu kwambiri, minofu yatha mphamvu, ulusi ukakoka umangong'amba ngati posoka chitenje chakutha. Pali ena amene anasokedwa kale ndipo zaphwasukanso. Oterowo dokotala wanzeru angaone kuti ukonde ukufunika, ndipo ukakhala mmodzi wa iwo ine ndivomera ndi mtima wonse. Koma akuuze chifukwa chake. Bowo lako ndi lalikulu bwanji? Ukondewo ndi wosungunuka kapena wokhalitsa? Auika mozungulira njira yonse ya chakudya kapena kumbuyo kokha? Iwowo opaleshoni yotereyi achitapo kangati? Akatsegula n'kupeza kuti ulusi wokha ukukwanira, ausiya ukondewo? Ndipo kodi opaleshoni ikufunikadi panopa, kapena omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi aja, ndi kusintha kadyedwe zikanayamba zayesedwa mokwanira? Ulembe mafunsowa papepala, upite nalo m'manja. Chingerezi ukuchidziwa, tinagulitsa nthochi zingati kuti uphunzire.

Pa esiteti ndinaona anthu ambiri othyola tiyi akudinda chala pa pepala la opaleshoni maso ali pansi, akuti "adokotala ndi amene akudziwa." Akabwerako, ndikawafunsa anakuchotsani chiyani, samadziwa. Iwo anali ndi chifukwa, sukulu sanapiteko ndipo ankaopa kuchotsedwa ntchito. Iwe ulibe chifukwa chimenecho. Kufunsa si mwano, Madalitso. Pita ndi mkazi wako, iye pakamwa pake n'potseguka, afunsa zimene iwe uchite nazo manyazi. Usapite ndi wa ku Limbuli uja.

Tsopano za ndalama. Ndikudziwa chimene chikukuthamangitsa. Ukuwerenga masiku amene ukhale osagwira ntchito, ukuganiza za malata amene unatilonjeza dzinja lisanafike, ndipo wamva kuti ukonde umalimbitsa, ndiye ukuyesa kuti ukauika ubwerera msanga kukanyamula matumba a simenti. Ayi. Ukonde kapena popanda ukonde, zolemera sudzanyamula kwa masabata pafupifupi asanu ndi limodzi, kapena mmene akuuzire adokotala ako. Kunyamula, kukhosomola kwa fodya ndi kusanza ndi zimene zimaphwasula ulusi. Malata adikire. Nyumbayi yadontha zaka zinayi, tikudziwa poika mabeseni. Mwezi uno ndi wamawa usatumize kalikonse, ukatumiza ndibweza. Ndipo usakatenge katapila chifukwa cha opaleshoniyi, ukasowa unene, mbuzi zilipo.

Fodya usiye lero, usadikire tsiku la opaleshoni. Usandiuze kuti unasiya, mlongo wako anaona paketi pa chithunzi chimene unatumiza. Mowanso chimodzimodzi. Ukatuluka m'chipatala uyambe ndi zamadzimadzi, kenako phala losalala, mbatata yophwanya, nthochi yakupsa, pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku. Nsima yolimba, nyama yootcha ndi buledi zidikire, zimakakamira pakhosi malo akadali otupa. Zakumwa za gasi usayandikire, chifukwa akakulunga chifu kugeya kumavuta ndipo mimba imafufuma. Masabata oyamba kumeza kumavutirapo, zimenezo zisakudabwitse. Koma chakudya chikamaima osatsika, ukamasanza, thupi likatentha, pachifuwa pakapweteka kwambiri, kapena chimbudzi chikada bii, ubwerere ku chipatala tsiku lomwelo. Tsiku lomwelo, osati ukamaliza shifiti. Pakadali pano, podikira tsikulo, ika njerwa kumiyendo ya bedi ya kumutu, ndipo ukadya madzulo papite maola atatu usanagone.

Chinanso, ndisaiwale. Akakuika ukonde, uwapemphe akulembere dzina lake ndi mtundu wake, pepalalo ulisunge pamodzi ndi pasipoti. Sudzakhala ku Johannesburg mpaka kalekale. Tsiku lina udzabwera kwanu, ndipo ukadzadwala tidzapita ku Queens ku Blantyre, dokotala wa kumeneko adzafuna kudziwa chimene chili m'thupi mwako.

Bambo ako sakulankhula zambiri, ukuwadziwa. Koma dzulo ndawapeza pakhonde akupukuta njinga yako yakale ija, imene sinayende chichokere iwe. Amayi a Mvano akukupempherera Lachinayi lililonse, ndinawauza, usakwiye. Ndikanakhala ndi pasipoti ndikanakwera basi mawa, ndikakhale pakhomo la chipinda cha opaleshonicho, ndikakuphikire phala ndi manja anga.

Undiimbire Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, uli ndi pepala la mafunso lija m'manja, undiwerengere mayankho ake limodzi ndi limodzi. Ukakhala kuti sunaonane nawo adokotala, usasaine kanthu. Upereke moni kwa mayi a Tadala, ndipo Tadalayo umuuze kuti agogo amusungira mapeyala.

Ndine mayi ako.