Zithunzi zikukokera anthu ku Mangochi, koma sizinena zonse

Akonzi,

Tiloleni tilankhulepo pa nkhani ya alendo amene akukhamukira kunyanja kuno ku Mangochi chifukwa cha zomwe aona pafoni. Kale munthu ankabwera atamva kwa mnzake, kapena pa ulendo wa sukulu. Lero ulendo umabadwira pa Facebook, pa TikTok ndi pa WhatsApp. Woyimba akangojambulira vidiyo pamchenga, kapena akwati akajambulitsa m'boti dzuwa likulowa, basi gulu la kuntchito kapena la kumpingo layamba kusonkha ya minibasi. Chikondwerero cha Lake of Stars, chomwe chinayambira ku Chintheche mu 2004 n'kudzachitikira ku Nkopola mu 2010 ndi zaka zina zotsatira, chinathandizanso kuti achinyamata a m'tauni aziona nyanja ngati malo awo, osati a azungu okha. Onjezani chizolowezi chotengera amayi kunyanja pa 15 Okotobala. Zonsezi timaziyamikira. Nkhawa yathu ndi yakuti chithunzi sichinena mwezi womwe chinajambulidwa, mphepo ya tsikulo, kapena zomwe zili m'madzimo, ndipo anthu akuvutika pa zinthu zopeweka.

Tiyambe ndi mphepo, chifukwa ndi imene imatenga miyoyo. Madzi abata ngati galasi amene mumawaona m'mavidiyo amapezeka kwambiri kuyambira Seputembala mpaka Novembala, nthawi yotentha. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, wochokera kummwera chakum'mawa, ndipo umatha kukwiyitsa nyanja masiku angapo osapuma. M'dzinja namo mpoto umatha kubwera mwadzidzidzi ndi mvula. Ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, mapiri amatchinga mwera, ndiye mlendo amaona ngati kuli bata, koma boti likangotuluka kuseri kwa zilumba limakumana ndi mafunde ena. Ulendo wa pamadzi muziupanga m'mawa. Musanakwere, werengani majekete oyandamitsa aja, aliyense akhale ndi yake ndipo aimange, osati kuikhalira. Funsani kuti botilo limanyamula anthu angati, ngati muli nkhafi zopalasira injini ikazima, ngati muli chokapira madzi, ndiponso ngati petulo ndi wokwanira kupita ndi kubwerera. Chimene chimagubuduza boti kawirikawiri si chimphepo chokha ayi. Ndi anthu khumi kuimirira nthawi imodzi n'kuthamangira mbali imodzi kuti ajambule nkhwazi. Woyendetsa akaimba mluzu n'kuponya kansomba pamadzi, nkhwazi imatsika kuchoka mumtengo, miyendo patsogolo, n'kukatola. N'zokongola zedi, koma zimaoneka bwino lomwe munthu atakhala pansi. Za mowa ndi kusambira usiku pa zikondwerero sitichita kunena, ziwirizi siziyendera limodzi.

Chachiwiri ndi likodzo, lomwe palibe vidiyo imalitchula. Tizilombo take timakhala mu nkhono za m'madzi osaya, makamaka m'mabango ndi pamadoko pomwe anthu ambiri amachapa ndi kusamba, ndipo timalowa pakhungu munthu osamva kanthu. Ambiri amalakwitsa pomwa mankhwala tsiku lomwe abwerera kwawo. Mankhwala a praziquantel sagwira bwino tizilomboti tikadali tating'ono, choncho munthu amafunika kudikira masabata 6 mpaka 8 kenako n'kupita kuchipatala, kumene amayeza kulemera kwa thupi asanapereke mlingo. Magazi mumkodzo amatha kuchedwa kuoneka, ndiye musadikire chizindikiro. Malungo nawo kuno si ocheza. Amishoni a Livingstonia anakhazikika ku Cape Maclear mu 1875, koma pofika 1881 anasamukira ku Bandawe chifukwa cha malungo, ndipo manda a anzawo alipo ku Cape Maclear mpaka lero. Funsani za neti musanalipire chipinda. Ndipo kufupi ndi mtsinje wa Shire ndi m'malo a bango muli ng'ona ndi mvuu. Eni dera akati pano sitisamba, amvereni.

Palinso nkhani ya mchenga weniweniwo. Mu 2024 nyanja inasefukira kwambiri, madzi anameza magombe ndi kulowa m'malo ogona alendo angapo. Chithunzi cha zaka zitatu zapitazo chikhoza kukuonetsani mchenga womwe lero kulibe. Pemphani eni malowo akutumizireni chithunzi cha sabata yomweyo, ndipo musatumize ndalama ku nambala yongopeza pa ndemanga za pa Facebook musanaimbe n'kutsimikiza.

Msewu ndi wosavuta kuufotokoza. Kuchokera ku Blantyre mumatsata M3 kudzera ku Zomba ndi Liwonde, makilomita pafupifupi 190 kufika pa boma. Kuchoka apo M10 imapita ku Monkey Bay, ndipo njira ya ku Cape Maclear imapatuka musanafike, n'kudutsa m'mapiri makilomita pafupifupi 18. A ku Lilongwe ambiri amatsikira ku Golomoti. Msewu umenewo ndi wokhotakhota, mabuleki akhale abwino ndipo mutsike ndi giya yaing'ono. Nyamukani mofika kusanade, chifukwa madzulo mumsewu mumadzaza akabaza, mbuzi ndi ana. Ku Chembe kulibe banki, tapirani ndalama pa boma.

Ndiye pali chambo. Aliyense amafuna kujambulitsa mbale ya nsima ndi chambo chootcha, koma nsomba imeneyi inachepa kwambiri m'chigawo chino ndi mu nyanja ya Malombe chifukwa chopha mopyola muyeso. M'miyezi ya Novembala ndi Disembala boma limatseka usodzi wa makoka kuti nsomba ziswane. Mlendo akamaumirira chambo nthawi imeneyo, kapena kugula tiana take chifukwa n'totchipa, akulimbikitsa msodzi kuphwanya lamulo. Kampango, mcheni, utaka ndi usipa ndi ndiwo zokoma ndithu. M'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, omwe anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, saloleza kuwedza m'kati mwa mamita 100 kuchokera kugombe. N'chifukwa chake ku Otter Point ndi ku chilumba cha Thumbi nsomba zing'onozing'ono zamitundumitundu zotchedwa mbuna zimakuzungulirani mukangoviika nkhope m'madzi. Polowera pamalipidwa, ndipo landirani lisiti.

Chimene chimatipweteka kwambiri ndi ichi. Zithunzi zonse zimaloza malo amodzimodzi, ndiye alendo amadutsa pa boma osaima, n'kukadzitsekera mumpanda masiku awiri, ndalama zonse n'kuthera momwemo. Chonsecho pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi yomangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, m'tauni yomwe kale inkatchedwa Fort Johnston. Pomwepo pali mfuti ya sitima ya Guendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 inaononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann, komanso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946. Nyumba yosungiramo zakale za nyanja ili poteropo. Ola limodzi lokha limakwana kuona zonsezi, ndipo ana asukulu amachokapo atadziwa zomwe sangazipeze pa TikTok. Oluka mikeka ndi madengu a mlaza ali m'mbali mwa msewu wonse wa ku Monkey Bay. Magule a beni ndi manganje ndi a konkuno, koma pa nsanja za zikondwerero amapatsidwa masana anthu asanabwere, mwinanso osaitanidwa n'komwe.

Alendo akumbukirenso kuti gombe ndi pakhomo pa anthu. Ambiri kuno ndi Ayao ndiponso Asilamu. Zovala zosambira zithere pamchenga wa pamalo ogona, polowa m'mudzi kapena mumsika mangani chitenje kapena valani malaya. Musajambule amayi akusamba kapena kuchapa padoko, ngakhale ana, musanapemphe. Zokuzira mawu zitsike nthawi ya mapemphero, makamaka Lachisanu masana ndi m'mwezi wa Ramadhan.

Pempho lathu kwa oyimba, ojambula mavidiyo ndi okonza zikondwerero ndi lakuti, popeza anthu akukutsatirani, lembani dzina la malo ndi mwezi womwe mwajambula, valani jekete m'boti ngakhale kamera ikuyang'ana, ndipo lembani ntchito achinyamata a m'midzi yoyandikana nayo. Khonsolo isapereke chilolezo cha chikondwerero popanda kuona zimbudzi zokwanira, opulumutsa anthu pamadzi, ndi gulu lodzatola mabotolo ndi mapulasitiki Lolemba m'mawa, mafunde asanazikokere m'nyanja.

Otsogolera alendo okhudzidwa,
Monkey Bay, Mangochi